Momwe msonkhano ungavomerezere zomwe zidachitika kale popanda chilolezo

Bungwe lililonse likakhalitsa limakumana ndi vuto ili. Chinthu chachitika, ndalama zatuluka kapena mgwirizano wasainidwa, koma amene adachita zimenezi analibe mphamvu yochitira paokha. Mwina mphepo idasasula denga la ofesi pakati pa mwezi, wapampando ndi msungichuma nkuitana mmisiri osadikira msonkhano. Mwina tsiku la msonkhano kudabwera anthu ochepa, koramu (nambala ya anthu yofunika kuti msonkhano usankhe zinthu) osakwana, koma nkhani inali yosati nkudikira ndipo omwe analipowo adangogwirizana zochita. Zikatero chinthucho chimakhala chili m'malere. Ndi cha anthu omwe adachichita, sichinakhale cha bungwe, ndipo chidzakhala cha bungwe pokhapokha msonkhano woyenera utachiyang'ana nkuchivomereza ndi voti.

Njira yake ilipo ndipo si yovuta. Zambiri zomwe ndilembe pano zikutsata buku la Robert's Rules of Order, lomwe Henry Martyn Robert, injiniya wa gulu la asilikali a ku America, adatulutsa koyamba mu 1876, ndipo lakhala likukonzedwa mpaka kufika kope la nambala 12 la mu 2020. Mabungwe ambiri amalitchula m'malamulo awo kuti ndilo lowatsogolera pa kayendetsedwe ka misonkhano. Ngati lanu lidasankha buku lina, kapena malamulo anu ali ndi ndime yakeyake pa nkhaniyi, tsatani zanuzo. Malamulo a bungwe amaposa buku, ndipo malamulo a dziko amaposa zonse ziwiri.

1. Yambani mwaona ngati nkhaniyo ikufunikadi voti

Sikuti chilichonse chimene atsogoleri achita pakati pa misonkhano chibwere kudzavoteredwa. Ngati malamulo akupatsa msungichuma mphamvu yolipira lendi mwezi ndi mwezi, iye akalipira angodzanena m'lipoti lake, basi. Kuvotera zinthu zotere kumadya nthawi, komanso kumazolowetsa mamembala kukweza manja asanaganize, moti tsiku lomwe kudzabwere nkhani yeniyeni adzakweza chimodzimodzi.

Zofunika kuvomerezedwa ndi zomwe zidachitika mphamvu palibe. Zodziwika kwambiri ndi za msonkhano wopanda koramu. Anthu akachepa pa nambala yomwe malamulo amafuna, zomwe angachite ndi zochepa: kutseka msonkhano, kupumira pang'ono, kusankha tsiku ndi nthawi yodzapitiriza, kapena kuyesetsa kuti koramu ikwane, monga kuimbira foni omwe sanafike. Akapitirira apo nkugwirizana zogula, zolemba anthu ntchito kapena zotumiza kalata m'dzina la bungwe, akuchita zimenezo mutu uli wawo, ali ndi chiyembekezo choti anzawo adzavomereza.

Zina zimachokera ku msonkhano wapadera. Msonkhano wotere umakamba zokhazo zomwe zidalembedwa m'kalata yoitanira anthu. Ngati kalata idati tikukamba za denga, ndiye pamapeto wina nkubweretsa nkhani yogula galimoto anthu nkuvotera, voti ya galimotoyo ilibe mphamvu ngakhale holo ikhale yodzaza, chifukwa amene adatsala kunyumba adatsala akudziwa kuti kuli nkhani ya denga yokha.

Gulu lachitatu ndilo lalikulu: atsogoleri, makomiti ndi nthumwi zomwe zapyola malire a zomwe zidatumidwa. Komiti idauzidwa kukafufuza mitengo ya makompyuta, iyo nkubwera itagula. Nthumwi idatumidwa kukamva, iyo nkukasaina. M'gulu lomweli mulinso chinthu chimene anthu ambiri sakhulupirira akachimva koyamba. Wapampando akaimbira mamembala a komiti yaikulu mmodzimmodzi, kapena akalemba pa gulu la WhatsApp aliyense nkuyankha kuti "ndavomera", umenewo si msonkhano, ngakhale atavomera onse osatsalako ndi mmodzi. Pa msonkhano anthu amamvana nthawi imodzi, wina akatsutsa ena amamva chifukwa chake ndipo atha kusintha maganizo. Pa foni aliyense amamva mbali imodzi yokha, ya amene waimbayo. Tsono ngati malamulo anu salola kusankha zinthu mwa njira imeneyi, zomwe zidachitika potsatira mayankhowo ziyenera kudzavomerezedwa pa msonkhano weniweni. Chaka cha 2020, Covid-19 italetsa misonkhano ya pamasom'pamaso, mabungwe ambiri adakumana pa Zoom malamulo awo asakunenapo kanthu za misonkhano ya pa intaneti, ndipo njira yowongolera zomwe adachita nthawi imeneyo inali yomweyi.

Palinso mtundu wina wosakhudzana ndi kulakwa kulikonse, pamene malamulo eni ake amanena kuti chosankha cha nthambi chidikire chivomerezo cha likulu, kapena cha likulu chidikire nthambi. Malamulo oyendetsera dziko la United States ali choncho: kusintha kulikonse kumafuna kuti zigawo zitatu mwa zinayi zilizonse za dzikolo zivomereze, ndipo kusintha kwa nambala 27 kudaperekedwa mu 1789 nkudzakwana mu 1992. Bungwe lanu lisadikire chomwecho, ikani malire a nthawi m'malamulo.

2. Funsani: tikadafunsidwa poyamba, tikadatha kuloleza?

Apa ndi pamene pagona nkhani yonse, ndipo ndi pamene mabungwe ambiri amaterereka. Msonkhano ungavomereze chokhacho chimene ukadatha kuloleza chisanachitike. Voti ya lero siikupatsani mphamvu imene munalibe dzulo.

Tengani chitsanzo cha chisankho. Malamulo akuti atsogoleri asankhidwe ndi voti yachinsinsi, koma tsikulo nthawi idatha, anthu nkungokweza manja. Mwezi wotsatira wina akuti, "Tiyeni tingovomereza chisankho chija, nanga si tonse tidaona amene adapambana." Sizitheka. Msonkhano sukadatha kuloleza kukweza manja tsiku lomwelo, choncho sungavomerezenso pambuyo, ngakhale onse m'holo atagwirizana. Lamulo la voti yachinsinsi lilipo poteteza munthu amene sangathe kutsutsa poyera, ndipo munthu yemweyo sangaimirire lero kunena kuti sakugwirizana nazo. Chofunika ndi kuchititsanso chisankho ndi mapepala.

Chimodzimodzi ngati malamulo akuti munthu asapitirire materemu awiri iye nkusankhidwa kachitatu, kapena akuti ndalama za thumba lakuti zisagwire ntchito ina koma zidagwira. Chimodzimodzinso chilichonse chophwanya malamulo a dziko okhudza kayendetsedwe ka bungwe ngati lanu. Zotere sizikonzeka ndi voti yovomereza. Ngati lamulo lanu lakhala chopinga, lisintheni potsata njira yosinthira malamulo, ndipo kusinthako kudzathandiza za kutsogolo. Za m'mbuyozo zichitidwenso mwadongosolo.

Wina afunsa kuti, nanga koramu si lamulo la bungwe nalonso? Ndi lamulo ndithu, koma apa pali kusiyana. Chimene anthu ochepa aja adasankha, monga kukonza denga, ndi chinthu chimene msonkhano wokwanira ukadatha kusankha popanda vuto. Chidasowa ndi anthu okha, ndipo lero anthuwo alipo. Nchifukwa chake Robert amanena mwachindunji kuti ndime ya koramu siiletsa kuvomereza zomwe zidachitika pa msonkhano wosakwana.

Funso lomweli likuuzaninso kuchuluka kwa mavoti ofunika. Ngati chinthucho chikadafuna mavoti oposa theka, kuvomereza kwake kufunanso oposa theka. Ngati malamulo akuti kugulitsa katundu wa bungwe kumafuna magawo awiri mwa atatu ndi chidziwitso cha masiku 14, ndiye kuvomereza kugulitsa komwe kudachitika kale kufunanso magawo awiri mwa atatu ndi masiku 14 omwewo. Kukadapanda kutero, aliyense wofuna kuzemba lamulo bwenzi akungochita kaye nkudzapempha voti yopepuka pambuyo.

3. Tengerani nkhaniyo kwa eni mphamvu, ndipo musachedwe

Amene amavomereza ndi amene anali ndi mphamvu yololeza. Ngati nkhani ndi ya msonkhano waukulu wa mamembala onse, komiti yaikulu singadzivomereze yokha. Ngati ndi ya komiti yaikulu, palibe chifukwa chodikira msonkhano wapachaka. Tsegulani malamulo, pezani ndime imene ikunena za ndalama, katundu kapena mgwirizano wa mtundu umenewo, muone dzina la amene apatsidwa mphamvu.

Pitani nayo ku msonkhano woyamba umene ukubwera. Nkhani ikagona miyezi isanu ndi umodzi, mamembala amayamba kufunsa chifukwa chimene idabisidwira, ndipo funso limenelo ndi lovuta kuyankha kuposa la denga. Ikakhala yaikulu, itanani msonkhano wapadera, koma m'kalata yoitanira mulembe momveka kuti kudzakhala ganizo lovomereza chakutichakuti. Mukaiwala kulemba, mwabwerera pa vuto lomwe lija la nkhani yosatchulidwa m'kalata. Pa msonkhano wanthawi zonse buku silikakamiza kudziwitsiratu, pokhapokha chinthucho pachokha chikufuna chidziwitso, koma ine ndimaona kuti kuika pa ajenda ndi nzeru nthawi zonse. Munthu wodzidzimutsidwa amakana ngakhale chinthu chabwino.

4. Konzani mapepala ndi mawu a ganizo msonkhano usanafike

Amene adachita chinthucho alembe lipoti lalifupi, tsamba limodzi likwanira: chidachitika nchiyani, liti, adachita ndani, chifukwa chiyani sadadikire, ndalama zingati zidatuluka ndipo kuchokera thumba liti, komanso ngati pali zina zomwe bungwe lidzayenera kulipira kutsogolo. Malisiti, makalata ndi mgwirizano wosainidwa zikhale pa tebulo poti aliyense atha kuzigwira. Ngati mmisiri ndi mbale wa mmodzi wa atsogoleri, zilembedwe m'lipotimo. Zikadzatulukira pakamwa pa wina m'kati mwa zokambirana, voti yatayika kale.

Kenako mawu a ganizo. Pali ganizo lina limene limamveka kawirikawiri pa misonkhano yapachaka: "Ndikupereka ganizo loti tivomereze zonse zomwe komiti yachita chaka chino." Ganizo lotere ndimalikana kulikonse. Mamembala sadziwa chimene akuvomereza, ndipo patapita chaka palibe anganene ngati chakutichakuti chinali m'gulu la "zonse" kapena ayi. Limateteza pang'ono mtsogoleri wosakhulupirika, ndipo wokhulupirika silimuthandiza konse, chifukwa tsiku lodzafunsidwa alibe chosonyeza kuti nkhani yake idayang'anidwa.

Ganizo labwino limatchula chinthucho moti mlendo wowerenga maminitsi atha kuchizindikira. Mwachitsanzo: "Ndikupereka ganizo loti msonkhano uno uvomereze zomwe wapampando ndi msungichuma adachita pa 14 Marichi, polemba ntchito mmisiri wokonza denga la ofesi ndi kumulipira ndalama zomwe zili pa lisiti nambala 212, kuchokera ku thumba la zokonzakonza." Muli tsiku, muli anthu, muli ntchito, muli pepala loti munthu akaliyang'ane. Kuchuluka kwa ndalama kulembedwenso m'manambala. Ngati ndi za msonkhano wopanda koramu, tchulani tsiku la msonkhanowo ndipo mubwereze mawu enieni a chimene adagwirizana.

Nkhani zikakhala zingapo zosakhudzana, lembani ganizo lililonse palokha. Zikabwera zomangidwa pamodzi, membala mmodzi yekha ali ndi ufulu wopempha kuti imodzi ivoteredwe payokha, ndipo wapampando sangakane.

5. Pa msonkhano penipeni

Chinthu choyamba, werengani anthu. Zingakhale zoseketsa kuvomereza zochita za msonkhano wopanda koramu pa msonkhano winanso wopanda koramu, koma zimachitika, makamaka nkhaniyi ikaikidwa kumapeto kwa ajenda anthu atayamba kutuluka mmodzimmodzi. Koramu iyenera kukhalapo pa nthawi yovota, osati potsegula pokha. Ngati malamulo anu sanena nambala, buku limati koramu ndi oposa theka la mamembala onse.

Chachiwiri, onani amene wakhala pa mpando. Ganizo likakhala lokhudza zochita za wapampando mwini, iye apereke mpando kwa wachiwiri wake mpaka nkhaniyo itatha. Munthu sangasankhe olankhula ndi kudula mawu pa nkhani imene iye akufunsidwa. Akatsika pa mpando amakhala ndi ufulu wofotokoza mbali yake ngati membala wina aliyense, ndipo zimenezi zimamukomera iye yemwe.

Kenako ziyende motere. Membala aimirira: "A wapampando, ndikupereka ganizo loti msonkhano uno uvomereze..." nkuwerenga mawu onse monga adalembedwera. Wina ayankha ali pampando pake: "Ndasekonda." Wotsogolera abwereza ganizolo mokweza kuti onse amve, nkufunsa: "Alipo wofuna kulankhulapo?" Kusekonda sikutanthauza kuti munthu wagwirizana nalo, kumangosonyeza kuti anthu awiri akufuna nkhaniyo ikambidwe.

Zokambirana zimatsegula nkhani yonse. Wotsogolera asanene kuti, "Tisabwerere m'mbuyo, zidachitika kale, tingovota." Mamembala ali ndi ufulu wofunsa ngati denga lidafunikadi kukonzedwa sabata imeneyo, ngati panali amisiri ena, ngati mtengo unali woyenera, ngati kunali kosatheka kuitana msonkhano wadzidzidzi. Mafunso apite kudzera kwa wotsogolera: "A wapampando, a msungichuma angatiuze chifukwa chimene sadafunsire mitengo kwa amisiri awiri kapena atatu?" Njira imeneyi imaoneka yozungulira, koma imathandiza kuti anthu asalozane zala, makamaka pa nkhani ya ndalama pamene mitima imatentha msanga.

Ganizoli litha kusinthidwa ngati ganizo lina lililonse. Tinene kuti mmisiri uja atakonza denga, atsogoleri adamuuza kuti apentenso makoma, ndipo ganizo latchula denga ndi penti pamodzi. Membala atha kunena: "Ndikupereka ganizo loti tichotse mawu okhudza penti," kuti bungwe livomereze denga lokha, lomwe linali ladzidzidzi, penti nkutsala. Kusintha kumavoteredwa kaye, kenako ganizo lalikulu monga lasinthidwira.

Pali kusintha kwina kumene ambiri sakudziwa. Membala atha kupempha kuti m'malo mwa ganizo lovomereza muikidwe ganizo lodzudzula amene adachita chinthucho, ndipo buku limalola. Limalolanso mbali inayo: ganizo lodzudzula litha kusinthidwa kukhala lovomereza. Choncho mtsogoleri wobweretsa nkhani yake adziwiretu kuti atha kutuluka atayamikiridwa kapena atadzudzulidwa. Nthawi zambiri chimene msonkhano umafunadi chili pakati: kulipira mmisiri, chifukwa ntchito adagwira ndipo bungwe likupindula nayo, komanso kuuza atsogoleri kuti njira yawo sidakomere anthu. Zikatero vomerezani kaye, kenako wina apereke ganizo lachiwiri lodzudzula kapena lolangiza kuti zisadzachitikenso. Musakane kulipira ngongole yoona pofuna kulanga msungichuma, chifukwa wovutika ndi mmisiri amene alibe mlandu.

Nanga amene adachita chinthucho avote? Buku limati membala wokhala ndi phindu lakelake pa nkhani, makamaka la ndalama, sayenera kuvota, ngakhale kuti silimukakamiza. Malamulo a bungwe lanu kapena a dziko atha kukhala okhwima kuposa apa, choncho yang'anani. Kwa ine, ngati voti ndi yoti munthu abwezeredwe ndalama zomwe adatulutsa m'thumba mwake, ayankhe mafunso onse nkusiya ena avote. Kusavota kwake sikugwetsa koramu, pakuti koramu imawerenga omwe ali m'chipinda, pokhapokha malamulo anu akunena zina.

Zokambirana zikatha, wotsogolera awerenganso ganizo nkuitanitsa mbali zonse ziwiri: "Ovomereza kwezani manja. Tsitsani. Okana kwezani manja. Tsitsani." Okana aitanidwe ngakhale zikuoneka kuti onse avomera. Powerenga, kumbukirani kuti oposa theka amawerengedwa pa mavoti omwe aponyedwa, osati pa anthu omwe ali m'holo. Ngati muli anthu 30, ovomereza 12, okana 9, otsala 9 osavota, ganizo ladutsa. Ngati ndi 10 kwa 10, lagwa. Pa magawo awiri mwa atatu njira yachidule ndi iyi: ovomereza akhale osachepera kuwirikiza kawiri okana, ndiye 14 kwa 7 ladutsa, 13 kwa 7 lagwa. Malamulo ena amanena kuti "mwa omwe alipo" kapena "mwa mamembala onse", ndipo apo masamu amasintha, osavota amakhala ngati okana.

Pa nkhani zazing'ono wotsogolera atha kungofunsa kuti, "Alipo wotsutsa?" ndipo pakakhala chete nkulengeza kuti zavomerezedwa. Njirayi ndi yololedwa. Koma pa ndalama zambiri kapena mgwirizano wautali ndi bwino kuwerenga manja, manambala alowe m'maminitsi. Pomaliza wotsogolera alengeze momveka: "Ovomereza 12, okana 9, ganizo ladutsa, zomwe zidachitika pa 14 Marichi zavomerezedwa."

6. Maminitsi, ndi chinyengo chimene chimabisala m'menemo

Mlembi alembe mawu enieni a ganizo monga lidadutsira, dzina la amene adalipereka, ndi zotsatira za voti. Lipoti la atsogoleri lisungidwe pamodzi ndi mapepala a msonkhanowo. Maminitsi a msonkhano wakale uja asakhudzidwe. Ngati kunalibe koramu, apitirize kunena kuti kunalibe koramu. Mlembi asabwerere kukawonjezera maina kapena kusintha tsiku kuti zioneke ngati chilolezo chinalipo kale. Chimenecho ndi chinyengo, ndipo nchopanda phindu pomwe njira yoona ilipo.

Tsopano chinthu chimene chimasokoneza ngakhale alembi odziwa ntchito. Kuvomereza maminitsi si kuvomereza zomwe zidachitika. Wapampando akafunsa ngati pali zokonza m'maminitsi anthu nkukhala chete, chimene msonkhano wanena nchakuti mlembi adalemba zoona, basi. Maminitsi atha kunena molondola kuti anthu asanu ndi awiri adagwirizana kugula galimoto koramu palibe, ndipo mukawavomereza mwangotsimikiza kuti cholakwikacho chidachitikadi. Mtsogoleri amene adzanene kuti "paja mudavomereza maminitsi" akudalira chinthu chopanda mphamvu.

Lipoti la msungichuma lilinso chimodzimodzi. Likawerengedwa pa msonkhano wa mwezi ndi mwezi silivoteredwa, limangolandiridwa nkusungidwa kudikira owerengera mabuku. Ndalama yotuluka popanda chilolezo siyera chifukwa choti idawerengedwa pakati pa manambala ena anthu nkuomba m'manja. Kukhala chete kwa mamembala si voti. Pafunika ganizo lakelake lotchula ndalamayo.

7. Msonkhano ukakana

Zimachitika, ndipo ndi ufulu wa mamembala. Ganizo likagwa, chinthucho chimatsala m'manja mwa omwe adachichita. Ngati ndi chosankha chimene sichinayambe kugwira ntchito, chathera pomwepo. Ngati ndalama zidatuluka kale, madzi akatayika saoleka, ndipo funso limakhala loti abweze ndani. Bungwe litha kupempha omwe adazitulutsa kuti abweze, ndipo ngati ngongole sinalipidwe, itha kugwera iwowo. Koma pali munthu wachitatu, mmisiri kapena kampani imene idasaina ikukhulupirira kuti ikuchita ndi bungwe. Ngati iye angathe kusumira bungwe kapena ayi, chimanena ndi malamulo a dziko lanu, osati buku la misonkhano. Ndalama zikakhala zambiri, funsani loya musanavote, kuti mamembala adziwe chimene kukana kwawo kudzabala.

Kukana kwa lero sikutseka khomo mpaka kalekale. Ganizo lomwe lagwa litha kubweretsedwanso pa msonkhano wina, ndipo nthawi zambiri limadutsa ulendo wachiwiri malisiti omwe adasowa akapezeka. Ngati mukuona kuti anthu akukana chifukwa chosowa mapepala osati chifukwa chodana ndi chinthucho, njira yabwino ndi kupempha kuti nkhaniyo iimitsidwe mpaka msonkhano wotsatira, kapena ipite ku kakomiti kakang'ono kakafufuze nkudzapereka lipoti. Kakomiti kameneko musaikemo omwe akufunsidwa.

Ganizo likadutsa, bungwe latenga chinthucho kukhala chake, zabwino ndi zoipa zomwe. M'malamulo a maiko ambiri chimawerengedwa ngati chinali ndi chilolezo kuyambira tsiku limene chidachitika. Denga likadzadontha miyezi iwiri kutsogolo, mlandu ndi wa bungwe ndi mmisiri, osatinso wa msungichuma payekha. Amene akufunika kudziwa, monga banki kapena kampani ya mgwirizano, mlembi awatumizire kalata yokhala ndi mawu a ganizolo ndi tsiku la voti.

8. Zikamabwerezabwereza, vuto lili m'malamulo

Kuvomereza zochitika kale ndi njira ya pangozi. Mukaona kuti msonkhano uliwonse ukuyamba ndi ganizo lotere, pali chimodzi mwa ziwiri: atsogoleri azolowera kuchita kaye nkufunsa pambuyo, kapena malamulo anu sakugwirizana ndi momwe bungwe likuyendera masiku ano. Choyambacho mankhwala ake ndi kukana kamodzi, kapena chisankho chikubwerachi. Chachiwiricho chimakonzedwa ndi cholembera.

Ngati vuto ndi zadzidzidzi, lembani ndime yopatsa wapampando ndi msungichuma, onse awiri pamodzi, mphamvu yogwiritsa ntchito ndalama mpaka malire akuti pa zinthu zosadikira, ndi udindo wodzanena pa msonkhano wotsatira. Ngati vuto ndi koramu, onani kaundula wa misonkhano ya zaka ziwiri zapitazi, muike nambala imene imakwanadi tsiku wamba, osati imene oyambitsa bungwe ankalota. Ngati anthu anu ali kutali ndi kutali, lolani misonkhano ya pa foni kapena pa intaneti, koma mulembe kuti onse azitha kumvana nthawi imodzi, komanso momwe koramu ndi mavoti ziziwerengedwera. Kusintha malamulo kawirikawiri kumafuna chidziwitso cholembedwa ndi magawo awiri mwa atatu, choncho werengani ndime yake, perekani chidziwitso pa nthawi yake, ndipo chitani zimenezi pa msonkhano wa mtundu umene malamulo apano akulola. Mpaka ndime zatsopanozo zitadutsa, chilichonse chopyola malire chizibwerabe ndi ganizo lake, lisiti lake ndi voti yake.